Kuimba m'bandi uli pa ntchito ina: mafunso ndi mayankho

Ndimaimba besi gitala m'bandi ya anthu asanu ndi mmodzi muno mu Blantyre. Masana ndimawotcherera zitsulo, woimba madiramu ndi mphunzitsi wa kupulayimale, wa kiyibodi amagulitsa kaunjika, ndipo mtsikana wathu wapamaiki ali pa ntchito ya usekilitale. Palibe mwa ife amene amadyera nyimbo. Tikamapakira zida shoo itatha, achinyamata amabwera ndi mafunso, ndipo nthawi zambiri amakhala omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano kuti ndiwayankhe modekha, poti usiku wa 2 koloko munthu utasenza sipika suyankha bwino.

Ndimafunitsitsa kuimba koma ndilibe chida. Ndiyambire pati?

Yambirani kutchalitchi kapena kulikonse kumene kuli chida chongokhala. Mipingo yambiri ili ndi kiyibodi ndi gitala zimene zimagwira ntchito Lamulungu lokha, ndipo mukadzipereka kusesa, kunyamula masipika ndi kukulunga mawaya, tsiku lina adzakulolani kugwirako. Iyi si njira yochititsa manyazi. Alleluya Band, imene inayamba mu 1978 pa parishi ya Chikatolika ku Balaka, ndi kumene Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda anasulidwira, ndipo oimba ambiri a m'dziko muno anadzera njira yomweyo.

Ena sanadikire n'komwe chida cha m'sitolo. Mabanjo a zigubu za mafuta, a nsambo za waya wa mabuleki a njinga, analera oimba ochuluka kumidzi. Anyamata awiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe, wina gitala wina babatoni ya nsambo imodzi yopanga okha, ndipo lero amaimba ku Ulaya. Amene mukufuna maphunziro enieni, ku Area 23 ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads, ndiponso ku yunivesite ya Malawi ku Zomba amaphunzitsa zoimba. Koma chala chimalimba ndi kugwira nsambo tsiku ndi tsiku, ngakhale mphindi makumi awiri zokha.

Nonse muli pa ntchito. Mumayeserera liti?

Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mkulu wa bandi. Tinakhoma matiresi akale ndi makatoni a mazira kukhoma. Zimenezi zimachepetsa kubwerera kwa mawu m'chipindamo, koma phokoso lopita kwa aneba silitha, choncho tinagwirizana nawo kuti ikakwana 8 koloko timazimitsa, ndipo kukagwa maliro m'deramo sabata yonseyo sitiimba.

Lamulo lathu ndi limodzi: nyimbo uiphunzire kwanu, kuno tidzangoilumikiza. Mkulu amatumiza nyimbo pa gulu la WhatsApp Lamulungu, aliyense amvere gawo lake pa foni. Munthu akafika Lachiwiri n'kumafunsa kuti kodi ili mu kiyi yanji, wadya nthawi ya anthu asanu amene alipira minibasi kuchoka ku Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni.

Zida za bandi zimachokera kuti, ndipo zimakhala za ndani?

Funso ili ndi lalikulu kuposa momwe limamvekera, chifukwa mabandi ambiri amene ndawaona akutha anathera pomwepa.

Gitala ndi besi munthu amatha kudzigulira pang'onopang'ono, makamaka zogwiritsidwa kale ntchito zobwera ndi abale ochokera ku Johannesburg. Chovuta ndi zokuzira mawu: mikisa yosakanizira mawu, maamplifaya, masipika aakulu, mamonita (masipika odzimvera oimba), mamaiki ndi madiramu. Zonsezi zimachokera kunja, ndiye ndalama ya kwacha ikagwa mphamvu mitengo yake imalumpha tsiku lomwelo. Itatsika ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mapulani athu ogula mikisa yatsopano anathera pakamwa. Ngakhale nsambo za besi zinafika poti ndimaziwiritsa m'madzi kuti dothi ndi thukuta zichoke, n'kuziumitsa bwino, zilirenso kwa masabata angapo ndisanagule zina.

Chifukwa cha ichi, njira zimakhala zitatu. Ena amachita hayala pa shoo iliyonse, ndipo ndalama yaikulu imapita kwa mwini zida. Ena amalowa pansi pa bwana amene anagula zida, kaya ndi mwini bawa, kaya ndi wabizinesi wokonda nyimbo. Pamenepo bandi imakhala yake: akakwiya amatseka zida m'nyumba, inu n'kukhala oimba opanda poimbira. Ndipo nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Sipika ya bwana ikapsa m'manja mwanu, mlandu wake mudzauimba miyezi. Njira yachitatu ndiyo kusonkherana, imene ife tinasankha. Ndi yochedwa, koma ndi yokhayo imene ndingalimbikitse, pokhapokha mulembe m'kope: chida chakuti tinagula tsiku lakuti, uje anaponya zakuti. Mulembenso chimene chidzachitike wina akadzafuna kuchoka. Zimamveka ngati kusakhulupirirana pamene muli pachikondi, koma tsiku lolekana limafika, ndipo popanda kope anthu amalimbirana sipika mpaka kukafika kupolisi.

Mashoo mumawapeza bwanji?

Ndi pakamwa pa anthu. Ukaimba bwino pa ukwati umodzi, pakati pa alendo pamakhala wina amene mwana wake akukwatiwa mwezi wa mawa. Maukwati, zinkhoswe, maphwando a kumakampani a kumapeto a chaka, misonkhano yopezera ndalama ya kumpingo, ndi malo azisangalalo Lachisanu kapena Lamulungu masana, ndiwo minda yathu. Nyengo yabwino imayamba anthu akakolola n'kugulitsa, cha mu May, mpaka Khirisimasi ndi Nyuwere. January ndi February ndi miyezi yowuma: kunja mvula, m'matumba mwa anthu mulibe kanthu, fizi ya ana ikudikira.

Tiyenera kuvomereza kuti DJ anatilanda malo ambiri, poti iye ndi mmodzi ndi kompyuta yake, pamene ife ndife asanu ndi mmodzi ofuna galimoto ndi chakudya. Amene amatiitanabe ndi amene amadziwa kusiyana kwake: bandi imaona kuti agogo aimirira ndipo imaitalikitsa nyimboyo mpaka atope okha.

Palinso ukalambulabwalo, kuimba poyamba woimba wotchuka asanakwere. Nthawi zambiri sukhala ndi malipiro oti n'kuwatchula, ndipo mumaimba anthu akungofika kumene. Kamodzi kapena kawiri n'kwabwino, poti mumalawa zida zamphamvu ndi kuonera momwe akatswiri amagwirira ntchito. Koma wokonza shoo akazolowera kukuuzani kuti malipiro anu ndi kutchuka, mukaneni mwaulemu.

Nanga ndalama zimapezeka? Mumagawana bwanji?

Zimapezeka zogulira ndiwo ndi sopo, nthawi zina fizi ya teremu imodzi. Zosiyira ntchito ayi.

Malipiro amabwera m'njira ziwiri. Ina ndi yogwirizana mtengo musanaimbe. Ina ndi ya pakhomo, pamene mumagawana ndi mwini malo ndalama zimene anthu alipira polowa. Ya pakhomoyi ndi juga. Ndikukumbukira Loweruka lina la mwezi wa June tinakaimba pa malo ena kunja kwa mzinda. Kunagwa chiperoni, anthu anakhala m'nyumba, ndipo pakhomo tinaikapo munthu wa mwini malo yekha. Titamaliza, mkulu wathu anakhuthulira ndalama pa chikopa cha sineya, kang'oma kena ka pa madiramu, tonse titazungulira, wina akuwunikira ndi foni. Anawerenga kawiri. Atachotsa ya lole ndi ya mafuta a jenereta, yotsalayo sinakwane ngakhale minibasi ya aliyense. Wa madiramu, amene anasiya mwana akudwala kunyumba, anangoti, "Achimwene, ndiye tinabwereranji?" Palibe anamuyankha. Mwini malo anati anthu ambiri amene tinawaona anali abale ake olowa ulere.

Kuchokera tsiku limenelo tili ndi malamulo. Ngati ndi za pakhomo, wathu amakhalapo pageti limodzi ndi wawo, ali ndi matikiti owerengeka. Ngati ndi mtengo wogwirizana, theka lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba tisanakweze chida chilichonse m'galimoto, lotsalalo tilandire tisanayambe chigawo chomaliza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Eni ukwati sakhala anthu oipa, koma perekaniperekani akatha komiti imabalalika, ndipo amene munagwirizana naye mumamva kuti waperekeza akwati.

Pogawana timayamba tachotsa zolowa: galimoto, mafuta, hayala ngati ilipo. Kenako timapatula gawo limodzi la bandi, lokonzera ndi kugulira zida, ngati kuti bandiyo ndi munthu wachisanu ndi chiwiri. Zotsala timagawana mofanana. Ndikudziwa mabandi ena amapatsa woimba patsogolo zochuluka, poti anthu amabwerera iyeyo. Ine sindigwirizana nazo pa bandi ya msinkhu wathu. Wa madiramu amatuluka thukuta maola anayi osapuma, ndipo iye akalakwitsa palibe amene amavina. Ndalama zosupa, zimene anthu amaponya kapena kumata pamphumi pa woimba, nazonso zimalowa m'mbale imodzi. Mfundo imeneyi muikambirane lero, isanagwe ndalama yoyamba, chifukwa mawa wina akadzasupidwa yambiri adzati ndi yake.

Ndipo kuwerenga kuchitike onse akuona. Mkulu wa bandi wolandirira ndalama kuseri, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, akudzala mbewu ya manong'onong'o.

Tsiku la shoo limayenda bwanji?

Ngati ukwati ukuyamba 1 koloko, ife timakumana 8 koloko m'mawa. Kupakira kuli ndi dongosolo lake: masipika aakulu pansi kutsogolo, madiramu pamwamba atakulungidwa m'mabulangete, mikisa ndi kiyibodi pamiyendo ya anthu. Nyengo ya mvula lona lisaiwalike. Tikafika timayamba taona pamene pali soketi, kenako n'kuyala mawaya. Masipika akhale kutsogolo kwa mamaiki, apo ayi mudzamva kulira kwa nzwii kuja kumene kumatseketsa alendo makutu. Poyatsa, amplifaya imakhala yomaliza; pozimitsa, ndiyo yoyamba. Mukasemphanitsa, sipika imalira phu, ndipo tsiku lina sidzaliranso.

Timayesa zida holo isanadzaze, kuyambira madiramu, besi, kenako zinazo, mawu pomaliza. Pa ukwati bwana ndi MC. Akakweza dzanja mumadula nyimbo pomwepo ngakhale ili pokoma, poti nthawi ya perekaniperekani ndi ndalama za akwati. Chakudya cha bandi muchitchule pogwirizana mtengo. Mukapanda kutero mudzaimbira anthu akudya mpunga ndi nkhuku inu m'mimba muli pululu.

M'chikwama changa simusowa izi: nsambo zapadera, mawaya awiri a gitala, mafyuzi, tepi yakuda, sikuludiraiva, tochi, mabatire a maiki, ndi kansalu kopukutira nsambo.

Kumasula ndi kupakiranso ndiyo ntchito yowawa, ndipo apa m'pamene umadziwira mnzako weniweni. Woimba amene amasowa nthawi yonyamula n'kudzaonekera nthawi yogawana sakhalitsa kwathu.

Magetsi akazima pakati pa nyimbo mumatani?

Wa madiramu sasiya. Ili ndi phunziro loyamba. Iye akapitiriza, oimba n'kutsikira kwa anthu akuwomba m'manja, gule amapitirira mpaka jenereta italira. Chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, tinaphunzira kusavomera shoo popanda kufunsa za jenereta: ilipo kodi, ndi yaikulu bwanji, mafuta agula ndani.

Musanalumikize ku jenereta zimitsani maamplifaya, muisiye iyambe yakhazikika. Ndipo musalole kuti pa waya womwewo alumikizepo firiji kapena chophikira. Chinthu china chimene achinyamata amachiseka koma chimapha: magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu ija dzino lachitatu ndi la ethi, loteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Anthu amalichotsa kapena kulowetsa mawaya osenda m'soketi ndi timitengo ta machesi. Maiki ikakulumani pamlomo mutagwira nsambo za gitala, imani pomwepo mufufuze. Musaimbe opanda nsapato pa simenti yonyowa.

Muziimba nyimbo za eni kapena zanuzanu?

Zonse ziwiri, koma mudziwe malo ake. Pa ukwati anthu amafuna zimene akuzidziwa: za uzimu zothamanga, rege ya ku Chileka, zachikale za m'ma 1980 ndi 1990 za akuluakulu, manganje, kwinaku achinyamata akufuna amapiano. Bandi yosadziwa kusintha imaimbira mipando. Ife timalowetsa nyimbo yathu imodzi pakati pa ziwiri zodziwika, bwalo litatentha kale. Anthu akapitiriza kuvina osazindikira kuti ndi yachilendo, timadziwa kuti nyimboyo ili ndi moyo.

Ndimadandaula ndikaona mabandi aluso atha zaka khumi osapeka kanthu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, kapena Allan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake, timawakumbukira chifukwa anali ndi kaimbidwe kawokawo. Muli ndi magule kwanu, kaya ndi tchopa, beni, malipenga, chisamba kapena vimbuza. Mverani ng'oma zake, muone momwe zingakhalire pa besi ndi madiramu.

COSOMA imatikhudza ife oimba ang'onoang'ono?

Inde, mukangopeka nyimbo yanu. Bungweli, la Copyright Society of Malawi, loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pano limagwira ntchito pansi pa lamulo la zaumwini wa luso la 2016. Limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga nyumba zoulutsa mawu ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni nyimbozo. Mukajambula nyimbo, kailembetseni, ndipo musanapite mugwirizane kuti anapeka mawu ndani, mang'ombe ndani. Palinso bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi, lomwe ndi mgwirizano wa oimba okhaokha.

Ndimaimba kutchalitchi. Kodi ndikhoza kuimbanso kumalo omwera mowa?

Apa sindingakuyankhireni, chifukwa mipingo imasiyana ndipo chikumbumtima ndi chanu. Chimene ndinganene n'chakuti musachite mobisa. Blantyre ndi wamng'ono. Mkulu wa mpingo adzamva ndithu, ndipo kumva kwa ena kumapweteka kuposa kumva kwa inu. Wa kiyibodi wathu anakakhala pansi ndi abusa ake, nagwirizana kuti maukwati ndi maphwando aziimba koma kubawa ayi. Masiku amenewo timaitana wina waganyu, ndipo palibe amene amamunyoza.

Mtsikana angalowe m'bandi osanyozeka?

Angathe, koma bandiyo iyenera kumuteteza mwadala. Anthu ena akaledzera amaganiza kuti mkazi wogwira maiki ndi wa aliyense. Kwathu munthu wosupa saloledwa kumugwira. Mbale ili patsogolo, aponye m'menemo. Tikaweruka usiku, galimoto imayamba yamutula iye pakhomo pa makolo ake tisanapite kukatsitsa zida, ngakhale njira italike. Tisanamutenge, mkulu wathu ndi mkazi wake anapita kukaonana ndi mayi ake, kuwafotokozera kumene timaimba ndi nthawi imene timaweruka. Ndipo atsikana musamangothamangira maiki. Gwirani besi, gwirani madiramu. Woimba chida sasowa bandi.

Nanga mowa?

Tisanaimbe ndi pamene tikuimba, ayi. Woledzera amathamangitsa nyimbo koma iye amamva ngati akuimba bwino kuposa kale. Eni mabawa ena amafuna kulipira gawo lina ndi mabotolo. Kanani, poti kunyumba sakaphika botolo. Ndaika m'manda anzanga aluso kuposa ine, amene anayamba ndi kamodzi kochotsera manyazi.

Akunyumba amazilandira bwanji?

Movutikira poyamba. Loweruka limene ena amakhala ndi ana, inu muli ku ukwati wa eni. Mayi a kunyumba kwanga anafewa mtima nditayamba kuchita ziwiri: kuwauza mashoo a mwezi wonse pasadakhale, ndi kufika ndi envelopu yosatsegula, kaya muli zochepa. Ndinawatenganso kangapo kuti akaone okha kuti ntchito yake ndi yotani. Atationa tikusenza masipika pamvula, mafunso ena anatha okha.

Kuntchito nako musaonjeze. Shoo ya Lamulungu usiku imalipidwa Lolemba m'mawa, ndipo ine wogwira moto ndi zitsulo sindingafike ndi tulo m'maso. N'chifukwa chake Lamulungu timavomera zamasana zokha.

Kodi bandi ngati yanu ingafike pa zikondwerero zikuluzikulu?

Zitseko zilipo. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche, Sand Music Festival anaiyambitsa ndi Lucius Banda, ndipo Tumaini imachitikira ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa kuyambira 2014, kolowa ulere. Okonza zikondwerero amafuna kumva nyimbo zanuzanu ndi kuona kanema wa momwe mumaimbira pamaso pa anthu. Choncho pezani mnzanu wa foni yabwino, aime pamene mawu akumveka bwino osati pafupi ndi sipika, ajambule nyimbo ziwiri zathunthu. Kusitudiyo musapite musanakonzeke, poti kumeneko nthawi ndi ndalama. Nyimbo ipse kaye pa mashoo khumi.

M'makutu mumalira ndikachoka ku shoo. N'zoopsa?

Inde, ndi chizindikiro choti phokoso lakupwetekani, ndipo makutu akafa sadzukanso. Gulani totsekera m'makutu tija amavala ogwira ntchito m'mafakitale, timapezeka m'mashopu a hadiweya. Musaime kutsogolo kwa sipika, ndipo poyeserera tsitsani voliyumu. Kulirako kukapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala akakuoneni.

Ndikufuna kulowa bandi. Ndidzabwere ndi chiyani tsiku loyamba?

Funsani nyimbo zitatu zimene amaimba, muziphunzire mpaka muzitha kuziimba osayang'ana zala. Fikani nthawi isanakwane, chida chanu mutachuna kale, muli ndi waya wanuwanu. Pamene mkulu akulankhula musamaimbe chida. Imbani motsika kuti muzimva wa madiramu, ndipo mukasochera musaime, dikirani poyambira pena mulowenso. Akamaliza, musathamangire minibasi: funsani kuti mawaya amawakulunga bwanji ndi kumene amawasunga.